Mbiri ya Waltham, Fakitale Imene Inaphunzitsa Dziko Kupanga Mawotchi

Anthu akamakamba za makampani a mawotchi amene anatha, kawirikawiri amathamangira kuloza chala mawotchi a quartz, aja oyendera batire. N'zoona kuti kampani ya Seiko ya ku Japan itayamba kugulitsa wotchi yoyamba ya pamkono ya mtundu umenewu mu Disembala 1969, mafakitale ambiri a mawotchi opukusa anatsekedwa m'zaka zotsatira, makamaka ku Switzerland. Koma Waltham Watch Company, kampani ya ku United States imene inasintha kapangidwe ka mawotchi padziko lonse, inali itagona kale nthawi imeneyo. Inasiya kupanga mawotchi mu 1957, itagwira ntchitoyi zaka zoposa 100 ndi kutulutsa mawotchi pafupifupi 35 miliyoni. Chimene chinaipha chinachokera m'kati mwake momwemo, ndipo chinayamba kuidya zaka makumi angapo m'mbuyo, kunja ikuoneka ngati ili bwinobwino.

M'zaka za m'ma 1840, pafupifupi wotchi iliyonse ya m'thumba imene munthu wa ku America ankanyamula inali yochokera ku England kapena ku Switzerland. Kumeneko ntchitoyi inali ya manja, yogawidwa m'makomo. Ku Prescot, m'chigawo cha Lancashire, amisiri ankasula zam'kati zosamaliza n'kuzitumiza ku Liverpool, ku Coventry kapena ku London kuti ena akazimalize. M'mapiri a Jura ku Switzerland, banja lina linkapanga timawilo ta mano, lina mivi yoloza nthawi, lina zigoba zake, ndipo pamapeto mmisiri mmodzi ankasonkhanitsa zonsezo, kupala apa, kusongola apo, mpaka zitagwirizana. Wotchi iliyonse inali yakeyake. Kawilo kakathyoka, wokonza sankatha kuchotsa kena m'wotchi inzake n'kuikapo. Ankayenera kusula katsopano ndi tupa, koyenera wotchi imeneyo yokha.

Aaron Lufkin Dennison ankaidziwa bwino ntchito yotopetsayi. Anabadwa mu 1812 ku Freeport m'chigawo cha Maine, mwana wa wosoka nsapato, ndipo anaphunzira za mawotchi kwa mmisiri wa ku Brunswick asanapite ku Boston kukagwira ntchito yokonza ndi kugulitsa mawotchi. Tsiku ndi tsiku ankatsegula mawotchi a ku Ulaya n'kumaona kusiyana kwa tizigawo timene tinkayenera kukhala tofanana. Kenaka anakaona fakitale ya boma yopanga mfuti ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, kumene makina ndi zoyezera zinkatulutsa zigawo zofanana kwambiri moti chigawo cha mfuti ina chinkalowa pa inzake. Anadzifunsa kuti ngati zikutheka ndi mfuti, zingakanike bwanji ndi wotchi. Anzake a ntchito ankamuona ngati wozungulira mutu, ndipo chifukwa anali nacho. Chigawo cha mfuti munthu amachigwira m'manja, pamene timisomali tamazinga ta m'wotchi tina sungatione bwino popanda galasi lokulitsa. Makina oti n'kupanga tinthu tating'ono chotere mosaphonya, mwa masauzande, anali asanapangidwe. Dennison anayenera kuyamba wapanga makinawo.

Mu 1850 anagwirizana ndi Edward Howard ndi David Davis, amene anali ndi fakitale ya mawotchi a pakhoma ndi masikelo ku Roxbury, pafupi ndi Boston, ndipo Samuel Curtis anaikapo ndalama. Chiyambi chinali chokhumudwitsa. Dennison ankafuna wotchi yoti ukaipukusa kamodzi iziyenda masiku 8, koma sinkasunga bwino nthawi ndipo inkadya ndalama zambiri poipanga, choncho anaisiya. Mawotchi oyamba ogulitsa anatuluka mu 1853, ndipo chaka chomwecho kampani inatenga dzina lakuti Boston Watch Company. Chaka chotsatira anasamukira ku Waltham, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Charles, makilomita pafupifupi 15 kumadzulo kwa Boston. Ankathawa fumbi la m'misewu ya Roxbury, mdani wamkulu wa zam'kati mwa wotchi. Ku Waltham mafakitale sanali achilendo, pakuti ndi komwe Francis Cabot Lowell ndi anzake anamanga fakitale yawo yotchuka ya nsalu mu 1814.

Ndalama zinathera m'makina ndi m'nyumba mawotchi asanayambe kubweza. Kumayambiriro kwa 1857 kampani inagwa ndi ngongole, itapanga mawotchi pafupifupi 5,000 okha. Mu Meyi chaka chomwecho katundu wake anagulitsidwa pa okushoni, ndipo Royal E. Robbins, wamalonda wa ku New York amene ankaitanitsa mawotchi kuchokera kunja, anagula fakitaleyo pa madola 56,000. Howard anabwerera ku Roxbury kukayambitsa kampani yakeyake. Dennison anatsala monga woyang'anira ntchito, wolembedwa ndi munthu wina m'fakitale imene iye mwini anailota.

Awiriwa sankamwerana madzi. Dennison mutu wake unkabala maganizo atsopano osawerengera mtengo wake, pamene Robbins diso lake silinkachoka pa buku la ndalama. Mu 1859 kampani inatenga dzina lakuti American Watch Company, ndipo patangopita zaka ziwiri nkhondo yapachiweniweni inabuka. Malonda anaima, Robbins n'kuchepetsa antchito ndi malipiro. Dennison anakakamira kuti apange wotchi yotsika mtengo yoti msilikali wamba n'kukwanitsa kugula. Mkangano unakula, ndipo pofika 1862 anali atachotsedwa ntchito. Komabe wotchi imene ankailimbikirayo inatuluka. Anaitcha William Ellery, dzina la mmodzi wa anthu amene anasaina chikalata cha ufulu wa America mu 1776, ndipo mtengo wake unali madola 13. Asilikali a kumpoto anaigula mwaunyinji. Msilikali amalandirana ulonda ndi mnzake pa ola loikika, ndiponso nkhondo inakweza msonkho ndi mitengo ya katundu wa kunja, mawotchi a ku Ulaya n'kukhala odula. Nkhondo isanathe mu 1865, pafupifupi theka la mawotchi amene kampani inkagulitsa anali a William Ellery, ndipo eni masheya ankagawana phindu limene zaka zisanu m'mbuyo sakanalilota.

Dennison phindu limenelo sanalilawe. Anayesa kampani ina ya mawotchi, Tremont, koma sinapite patali. Anakathera ku Birmingham ku England, kumene anayambitsa bizinesi yopanga zigoba za mawotchi, ndipo m'zigoba zake zambiri munkaikidwa zam'kati zochokera ku Waltham komweko zimene zinkagulitsidwa ku Britain. Anamwalira ku Birmingham mu 1895. Nkhani yake imandikhudza, koma sindingabise kuti pakanapanda kuumira kwa Robbins pa ndalama, maloto a Dennison akanafera mu 1857. Waltham inakula chifukwa kwa zaka 40 inali ndi zinthu ziwiri pamodzi: mwini ndalama wodziwa malonda a mawotchi, ndi amisiri amene mwini ndalamayo ankawalola kuyesa zatsopano.

Chuma chenicheni cha kampaniyi chinali m'chipinda chosulira makina. Waltham inkadzipangira yokha makina ake, ndipo amisiri ake olemekezeka kwambiri anali opanga zida zopangira mawotchi. Charles Moseley anakonza kachipangizo kobowoka pakati kamene kamagwira kachitsulo kowonda molimba ndi molunjika pamene makina akukazungulitsa n'kumakasema, ndipo mpaka lero osula zitsulo amagwiritsa ntchito zida za mtundu umenewo. Charles Vander Woerd, wobadwira ku Netherlands, mu 1871 anapanga makina otulutsa okha timisomali tamazinga: waya akulowa mbali ino, mbali inayo tikugwa timisomali tomalizika, mazinga atasemedwa kale, kampata ka pamutu katachekedwa. Pambuyo pake kunabwera Duane Church, amene makina ake ankalandizana okha chigawo cha wotchi, kuchichotsa pa chida china n'kuchiika pa chotsatira, dzanja la munthu osachikhudza. Makina aliwonse atsopano ankatsitsa mtengo wa wotchi n'kukweza ubwino wake nthawi imodzimodziyo, ndipo zimenezi ndi zimene amisiri a ku Ulaya ankakana kukhulupirira. Iwo ankadziwa kuti chotchipa chimakhala chosalongosoka, ndipo kwa zaka mazana ambiri zinalidi choncho.

Tisakokomeze. Tizigawo tonse sitinkalowana ndendende. Timene timayendetsa kugunda kwa wotchi, ndi timiyala tolimba timene nsonga za timawilo zimazunguliramo, tinkafunikabe kusankhidwa ndi kuyenerezedwa ndi munthu waluso. Nzeru ya Waltham inali yakuti zam'kati za wotchi iliyonse zinkadindidwa nambala yake, ndipo fakitale inkasunga mabuku a manambalawo. Wokonza mawotchi wa m'tauni yakutali ankangotumiza nambala ndi dzina la kachigawo kothyoka, n'kulandira kena pa positi. Kwa wogula, zimenezi zinatanthauza kuti wotchi yake sidzafa chifukwa cha kawilo kamodzi.

Fakitale inakula motsata mtsinje m'mbali mwa msewu wa Crescent Street. Nyumba zake zinali zazitali koma zopapatiza, zodzaza mazenera, kuti wantchito aliyense akhale pa benchi yoyang'ana kuwala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 antchito anali masauzande angapo, ndipo gawo lalikulu anali amayi ndi atsikana, ambiri ochokera m'midzi ya ku New England. Iwo ankayendetsa makina ndi kugwira ntchito zofuna maso akuthwa, koma malipiro awo anali otsika poyerekeza ndi a amuna. Kampani inali ndi nyumba yogona atsikana yotchedwa Adams House, paki, gulu la nyimbo za malipenga ndi thumba lothandizana pa matenda. Ntchito ya ku wotchi inali ya ulemu m'tauniyo. Bambo ankalowetsa mwana wake, mwanayo n'kudzalowetsa wakenso, mpaka tauni yonse inadziwika ndi dzina lakuti Watch City.

Luso lotere silibisika. Mu 1864 amalonda a ku Chicago ananyengerera gulu la amisiri a ku Waltham, kuphatikizapo Moseley, ndi malipiro apamwamba, n'kukayambitsa nawo fakitale ku Elgin m'chigawo cha Illinois. Elgin inadzakhala mpikisani wamkulu wa Waltham. Makampani ena a mawotchi amene anabadwa ku America pambuyo pake anatsata njira yomweyo, ambiri ndi amisiri amene anadutsa ku Waltham kapena ophunzitsidwa ndi iwo.

Ophunzira amene anadzaposa mphunzitsi anafika mu 1876. Chaka chimenecho United States inachititsa chionetsero chachikulu ku Philadelphia pokondwerera zaka 100 za ufulu wake, ndipo Waltham inapita ndi mawotchi ake pamodzi ndi makina a Vander Woerd, akugwira ntchito anthu akuona. Mwa alendo munali nthumwi za opanga mawotchi a ku Switzerland. Iwo anabwera ali kale ndi nkhawa, chifukwa mawotchi amene ankagulitsa ku America anali atatsika kwambiri m'zaka zinayi zokha, ndipo ambiri kwawo ankati vuto ndi kusokonekera kwa chuma kumene kunayamba mu 1873. Zimene anaona zinawatsegula maso. Édouard Favre-Perret, mmodzi wa oweruza pa chionetserocho, atabwerera kwawo anaima pamaso pa amisiri anzake ku La Chaux-de-Fonds n'kuwauza mosapsatira kuti Aamerika akupanga ndi makina mawotchi abwino, ambiri, otsika mtengo, ndipo ngati Switzerland sisintha, msika udzapita. Jacques David, injiniya wa kampani ya Longines ku Saint-Imier, anayendera mafakitale a Waltham ndi Elgin n'kulemba lipoti latsatanetsatane la makina, zoyezera, kagawidwe ka ntchito ndi kawerengedwe ka ndalama. Lipotilo analisunga pakati pa eni mafakitale okhaokha.

Waltham inatenga mawu a Favre-Perret n'kuwasindikiza monga chotsatsira malonda. Anthu a ku Switzerland anatenga mawu omwewo n'kuyamba kumanga mafakitale. Sanakopere zonse. Analowetsa makina ndi zoyezera, koma anasunga makampani awo ang'onoang'ono ambirimbiri, aliyense waluso pa kanthu kake, zimene zinawathandiza kusintha msanga maonekedwe ndi kukula kwa wotchi ogula akasintha zokonda. Pofika 1894 kampani ya Louis Brandt ku Bienne inali itatulutsa zam'kati za wotchi zopangidwa ndi makina, za tizigawo tolowana, zimene anazitcha Omega. Sipanathe zaka 20 chichokereni ku Philadelphia.

Nthawi imeneyo ku Waltham kunalibe wodera nkhawa, ndipo m'pomveka. Wotchi ya nambala 1 miliyoni inatuluka cha mu 1877, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 manambala anali atafika 10 miliyoni. Kampani inali ndi ofesi ku London yogulitsira ku Britain ndi kumaiko ena. Ndiye panalinso njanji. Makampani a sitima zapamtunda ku America anayamba kugwiritsa ntchito nthawi imodzi ya chigawo chilichonse pa 18 Novembala 1883, chifukwa sitima ziwiri zoyenda pa njanji imodzi zimadalira mawotchi kuti zisakumane. Mu Epulo 1891 sitima ziwiri zinawombana ku Kipton m'chigawo cha Ohio, anthu n'kufa, ndipo nkhani imene inafala inali yakuti wotchi ya mmodzi wa ogwira ntchito inaima mphindi zinayi n'kuyambanso. Ngoziyi itachitika, wogulitsa mawotchi wa ku Cleveland, Webb C. Ball, anapatsidwa ntchito yokhazikitsa ndondomeko yoyendera mawotchi a anthu a njanji. Malamulo amene anafala ankafuna wotchi ya timiyala 17 kapena kuposa, ya manambala akuluakulu ooneka bwino, yosaphonya kupitirira masekondi 30 pa sabata, ndipo mwini wake ankaipereka kwa woyendera nthawi ndi nthawi. Mawotchi a Waltham a mtundu wa Crescent Street ndi Vanguard anali m'gulu lovomerezeka. Anafika mpaka ku njanji za ku Japan, kumene anagwira ntchito mpaka mu 1929 pamene wotchi ya Seikosha inatenga malo awo.

Robbins anamwalira mu 1902, Church mu 1905. Ndikayang'ana mbiri yonseyi, apa ndi pamene ndimaona kuti mphepo inatembenuka, ngakhale mawotchi anapitiriza kutuluka ochuluka kwa zaka zina zambiri. Palibe amene anadzalowa m'malo mwa Church pa luso lake, ndipo utsogoleri unatsala m'manja mwa anthu amene anazolowera kupambana. Kugulitsa kunali m'manja mwa kampani yapadera, Robbins & Appleton, motero a kufakitale ankamva mochedwa zimene ogula akufuna. Msika nawo unali kusuntha. Kuyambira 1896 Robert Ingersoll ankagulitsa wotchi yotchedwa Yankee pa dola imodzi, yopanda timiyala, yoti ikafa ungoitaya, ndipo inalanda anthu osauka amene kale akanasunga ndalama kuti adzagule Waltham yotsika mtengo. Kumtunda, Hamilton ya ku Lancaster m'chigawo cha Pennsylvania, imene inayamba mu 1892, inalimbikira mawotchi apamwamba okhaokha n'kutenga mitima ya anthu a njanji. Waltham inkapanga mitundu yambirimbiri, yotchipa ndi yodula yomwe, osasankha pomenyera nkhondo.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inabisa matendawa. Boma linkafuna zida zotchera nthawi yophulikira mabomba, asilikali ankafuna mawotchi a pamkono chifukwa m'ngalande zankhondo munthu alibe mpata wopisa m'thumba, ndipo kampani inalowanso m'zopanga mawotchi a pakhoma, a m'galimoto ndi zoyezera liwiro la galimoto. Inakongola ndalama zambiri kumabanki n'kudzaza nkhokwe ndi katundu. Chuma chitagwa mu 1920 ndi 1921, katunduyo anasowa ogula. Mabanki analanda chiwongolero, ndipo mu 1923 kampani ya zandalama ya ku Boston, Kidder, Peabody, inakonzanso umwini n'kuika Frederic C. Dumaine pampando.

Dumaine sanali munthu wa mawotchi. Anakulira m'makampani a nsalu, ndipo ankayendetsa Amoskeag, fakitale yaikulu ya nsalu ku Manchester m'chigawo cha New Hampshire, kumene antchito anali atangonyanyala ntchito miyezi 9 mu 1922 chifukwa chowadula malipiro. Ku Waltham anachita zomwe ankadziwa. Anachotsa mabwana ambiri a m'maofesi, anagulitsa katundu wounjikana, anathetsa zokomera antchito zija, ndipo mu Ogasiti 1924 anadula malipiro. Antchito, amene makolo awo ankanyadira kuti ku wotchi sikuchitika sitalaka, anatuluka m'fakitale pafupifupi onse ndipo sanabwerere mpaka Januwale 1925. Anabwerera ali ogonja. Ubale wa tauni ndi fakitale, umene unamangidwa zaka 70, unasweka m'miyezi isanu imeneyo, ndipo amisiri ena aluso anapita kwina osabweranso.

Tinene zoona, Dumaine anapulumutsa kampani ku mabanki. Anabweza ngongole, anatembenuzira fakitale ku mawotchi a pamkono, anaidutsitsa m'zaka zovuta za m'ma 1930, ndipo eni masheya analandira phindu. Dzina linali likadali ndi ulemu: ndege imene Charles Lindbergh anawolokera nyanja ya Atlantic mu 1927, Spirit of St. Louis, inali ndi wotchi ya Waltham kutsogolo kwa woyendetsa. Koma phindu la zaka zimenezo linkachokera kwambiri m'kusawononga. Ndalama zokonzera makina atsopano, zofufuzira mitundu yatsopano ndi zotsatsira malonda zinali zochepa. Kunali ngati mlimi amene akudya chimanga cha mbewu: banja likukhuta, ngongole palibe, koma dzinja likubwera. Makina a nthawi ya Church, opangidwira mawotchi akuluakulu a m'thumba otuluka mofanana kwa zaka zambiri, ndi amene ankayembekezeka kupikisana ndi Switzerland pa timawotchi tating'ono ta pamkono timene maonekedwe ake ankasintha chaka ndi chaka. Uko Rolex inali itatulutsa wotchi yosalowa madzi mu 1926 ndi yodzipukusa yokha mu 1931. Ku America konko, makampani monga Bulova ankaitanitsa zam'kati ku Switzerland, kuziika m'zigoba zokongola n'kumazilengeza pa wailesi usiku uliwonse.

Nkhondo yachiwiri inamaliza ntchito. United States italowa nkhondo kumapeto kwa 1941, mafakitale ake a mawotchi analamulidwa kupangira asilikali okha: mawotchi a ankhondo, a m'ndege, makampasi ndi zida zina zoyezera. Switzerland sinalowe nkhondo, choncho mawotchi ake anadzaza masitolo a ku America mwa mamiliyoni, m'zaka zimene anthu anali ndi ndalama m'matumba. Mbadwo wathunthu wa ogula unazolowera kuti wotchi yabwino ndi ya ku Switzerland. Mu 1944 Dumaine anagulitsa gawo lake kwa Ira Guilden, amene kale anali mmodzi wa akuluakulu a Bulova. Guilden anathira ndalama m'zotsatsa malonda, koma kutsatsa sikukanasintha makina okalamba, ndipo mawotchi amene anatuluka nkhondo itatha sanakope ogula. Kumapeto kwa 1948 kampani inapita kukhoti kukavomera kuti yalephera kubweza ngongole.

Zotsatira zake n'zomvetsa chisoni kuziwerenga. Antchito ndi mtsogoleri wa bungwe lawo, Walter Cenerazzo, anayenda mpaka ku Washington kukapempha boma kuti lisalole fakitale kufa, ponena kuti dziko lidzafuna amisiri otere pa nkhondo ina. Bungwe la boma lobwereketsa ndalama, Reconstruction Finance Corporation, linavomera ngongole ya madola 6 miliyoni mu 1949. Mkulu wa ofesi ya bungweli ku Boston, John J. Hagerty, amene analimbikitsa kuti ngongoleyo iperekedwe, ndiye anadzakhala mkulu wa Waltham, ndipo nkhani imeneyi inadzafunsidwa ndi komiti ya aphungu a Senate. Ndalamazo sizinachize kanthu. Mu Febuluwale 1950 fakitale inatsekedwa, anthu oposa 1,000 n'kukhala pakhomo m'nyengo yozizira. Inadzatsegulidwanso ndi antchito ochepa, ikudalira maoda a boma, ndipo inayamba kuitanitsa zam'kati ku Switzerland n'kumazilemba dzina la Waltham.

M'zaka zimenezi mawu amene ankamveka kwambiri anali a msonkho. Opanga mawotchi a ku America ankati pangano la zamalonda la 1936, limene linatsitsa msonkho wa mawotchi a ku Switzerland, ndilo linawapha, ndipo ankati sangapikisane ndi dziko la malipiro otsika. Mu 1954 Pulezidenti Eisenhower anawamvera n'kukweza msonkhowo ndi 50 peresenti. Waltham sinadzuke. Chaka chomwecho kampaniyi inatsegula nthambi yake ku Switzerland, ndipo patapita zaka zitatu inasiyiratu kupanga mawotchi ovala ku Massachusetts.

Ine dandaulo la msonkho silindikhutiritsa, ndipo umboni uli m'chigawo choyandikana nacho. M'zaka zomwezo za m'ma 1950, ku Connecticut, kampani ya United States Time Corporation, mdzukulu wa fakitale ija inkapangira Ingersoll mawotchi a dola imodzi, inatulutsa Timex. Inalipira malipiro a ku America, inakumana ndi mawotchi omwewo a ku Switzerland, koma inapanga wotchi yosavuta, yolimba, ya tizigawo tochepa, pa makina atsopano, n'kuigulitsa m'masitolo a mankhwala ndi a zinthu wamba m'malo modikira ogulitsa ndolo ndi mphete. Inagulitsa mamiliyoni. Imeneyo inali nzeru ya William Ellery yeniyeni, ya Dennison, itabadwanso m'nyumba ya eni ena. Mlandu wa kugwa kwa Waltham ndimauika pa eni ake ndi mabanki awo, amene kuyambira imfa ya Church anaona chipinda chosulira makina ngati malo owonongera ndalama. Amene analipira anali amisiri ndi mabanja awo, anthu amene sanakhalepo pa msonkhano uliwonse wa bodi.

Mu 1957 chimene chinatsala ku Waltham chinatchedwa Waltham Precision Instrument Company, ndipo chinapitiriza kupanga mawotchi a m'ndege ndi zida zina zoyezera. Dzina la pa mawotchi ovala linapita kwa amalonda ena amene ankaitanitsa katundu kunja, mpaka bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, Federal Trade Commission, linachita kuwaletsa kutsatsa mawotchi awo ngati kuti ndi a fakitale yakale ija. Elgin inasiya kupanga mawotchi ku America mu 1968, Hamilton mu 1969. Mu 1994 ntchito ya mawotchi a m'ndege nayo inagulitsidwa n'kusamukira ku Ozark m'chigawo cha Alabama. Mabuku a kampani akusungidwa ku laibulale ya Baker pa yunivesite ya Harvard, ndipo nyumba za fakitale za pa Crescent Street zinakonzedwanso kukhala maofesi ndi nyumba zogonamo anthu.